Makita, DeWalt, Milwaukee kapena Bosch? Mafunso ndi mayankho pa zida zamagetsi ndi mabokosi ake

Amisiri akakhala pansi nthawi yopuma, nkhani ya zida sichedwa kubuka, ndipo imatha ngati ya mpira: uyu wa chikasu, uyu wa chofiira, winayo wa buluu, aliyense kukakamira timu yake mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Ine ndakhala pa ntchito ya matabwa ndi yoika makabati kwa zaka zambiri, ndipo zida za mitundu yonseyi zadutsa m'manja mwanga, zina zanga, zina zobwereka. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri, ndi anyamata ongoyamba kumene komanso akuluakulu anzanga. Pamene ndili ndi mbali, sindinabise.

Tangonenani mosazungulira, kampani yoposa zonse ndi iti?

Mutatenga madirilo anayi a msinkhu umodzi, ya Makita, ya DeWalt, ya Milwaukee ndi ya Bosch yabuluu, n'kumumanga mmisiri m'maso kuti aboolere, angasiyanitse chogwirira ndi kaliridwe basi. Zonse zimaboola. Nkhani ili kunsi kwa chidacho, pamene pamalowa batire.

Batire la Makita silikwana pa DeWalt, la DeWalt silikwana pa Milwaukee, ndipo zimenezi sizinangochitika zokha. Makampani amadziwa kuti munthu akakhala ndi mabatire anayi ndi matchaja awiri a mtundu umodzi, sapitanso kwina. Choncho tsiku limene mukugula dirilo yoyamba ya batire, dziwani kuti mukulowa m'banja, ndipo mukhalamo zaka 10 kapena kuposerapo. Sowo, gilayinda, tochi, chokokera fumbi, zonse mudzazifunsa kwa apongozi omwewo.

Ndiye musayambire pa dirilo. Yambirani pa chida chimene chimakudyetsani, chija chimene chikafa ntchito yonse imaima. Kwa womanga madenga ndi sowo, kwa woika mapaipi m'makoma ndi hamala yoboolera konkire, kwa makaniko ndi chomasulira manati. Onani banja limene lili ndi chida chimenecho chokukhalani bwino m'manja, kenako funsani ngati masipeya ake ndi anthu okonza amapezeka kumene mumagwira ntchito. Zina zonse zimatsatira pambuyo.

Makampaniwa ndi ochokera kuti, ndipo eni ake ndani?

Makita inayamba mu 1915 ku Nagoya, m'dziko la Japan, ngati malo ogulitsa ndi kukonza mamota amagetsi. Inalowa m'zida za m'manja mu 1958 ndi pulena yamagetsi, ndipo mpaka lero imadziimira payokha. Mabatire ake a 18V otchedwa LXT anatuluka mu 2005.

DeWalt ndi dzina la munthu, Raymond DeWalt, amene anakhazikitsa kampaniyi mu 1924 ku Pennsylvania ndi sowo yaikulu yoyenda pa mkono wachitsulo. Black & Decker inaigula mu 1960, koma zida zachikasu za m'manja zimene tikuzidziwazi zinayamba mu 1992. Kuyambira 2010 eni ake ndi Stanley Black & Decker, omwenso ali ndi Stanley, Craftsman, Irwin ndi Lenox.

Milwaukee nayo ndi ya 1924, ya ku Wisconsin, ndipo inatchuka ndi Sawzall, sowo ya mpeni woyenda chopita ndi chobwerera, mu 1951. Mu 2005 inagulidwa ndi Techtronic Industries ya ku Hong Kong, kampani yomweyo imene imapanga zida za Ryobi ndi AEG m'maiko ambiri. Bosch ndiye gogo wa onsewa: Robert Bosch anatsegula malo ake ku Stuttgart mu 1886. Zida zake zabuluu ndi za amisiri, zobiriwira ndi za pakhomo, ndipo mabatire a 18V a mbali ziwirizi salowana. Ambiri apsa nazo zimenezi.

Pali dzina lina losokoneza. Hitachi yakale ija, mbali yake yopanga zida zamagetsi, inasintha dzina mu 2018 n'kukhala HiKOKI, koma ku North America imagulitsidwa ngati Metabo HPT, pamene Metabo yeniyeni ndi ya ku Nürtingen ku Germany. Eni ake ndi amodzi, mabatire ndi osiyana. Mukamaitanitsa batire, werengani dzina lonse.

Ndaona dirilo yolembedwa 20V MAX. Kodi ndi yamphamvu kuposa ya 18V?

Ayi ndithu, ndi chinthu chimodzi. M'kati mwa batire muli timiyala tokhala ngati ta tochi, timene amati maselo. Selo limodzi limapereka 3.6V likamagwira ntchito, ndipo likangochoka pa tchaja limafika 4V kapena kupitirira pang'ono. Lumikizani asanu motsatizana: 5 kuchulukitsa ndi 3.6 ndi 18, 5 kuchulukitsa ndi 4 ndi 20. Ena amalemba nambala ya pa ntchito, ena ya pa tchaja. Chida chomwecho cha DeWalt chimene ku America chimalembedwa 20V MAX, ku Ulaya chimalembedwa 18V XR. Chimodzimodzinso 12V ndi 10.8V, kapena 60V ndi 54V.

Kumene kuli kusiyana kwenikweni ndi pa zida zazikulu, ndipo apa makampani anatenga njira zosiyana. DeWalt inatulutsa FlexVolt mu 2016, batire limene limadzisintha lokha: pa sowo yaikulu limapereka 54V, pa dirilo wamba 18V. HiKOKI ili ndi MultiVolt ya 36V ndi 18V yochita chimodzimodzi. Makita kwa nthawi yaitali inkangoika mabatire awiri a 18V pa chida chimodzi kuti apange 36V, njira imene ndimaikonda chifukwa sikukugulitsani batire latsopano. Koma kenako inabweretsa XGT ya 40V, imene silowana ndi LXT. Amene ali ndi zonse ziwiri ali ndi mabanja awiri pansi pa dzina limodzi.

Nanga nambala ya Ah ija?

Imeneyo ndi kukula kwa thanki. Chulukitsani mavolti ndi Ah kuti mudziwe mphamvu yonse yosungidwa: batire la 18V 5.0Ah lili ndi 90Wh, la 2.0Ah lili ndi 36Wh. Koma pali china chimene ambiri sachidziwa. Batire la 2.0Ah lili ndi mzere umodzi wa maselo 5, pamene la 5.0Ah lili ndi mizere iwiri, maselo 10, ogawana katundu. Ndiye lalikulu silimangokhalitsa, limaperekanso moto wambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake sowo yozungulira ikaikidwa batire laling'ono imatsamwa pa thabwa lokhuthala, munthu n'kuyamba kunyoza kampani, pamene vuto ndi batire.

Lalikulu silabwino paliponse. Yesani kumanga masikuluwu pa siling'i tsiku lonse ndi batire la maselo 10, madzulo phewa lidzakuuzani. Ine pa impact driver, chida chomangira masikuluwu, ndimaika laling'ono, pa sowo ndi gilayinda lalikulu.

Brushless ndi chiyani, ndipo ndi yoyenera ndalama yowonjezerayo?

Mota yakale ili ndi timakaboni tiwiri tokhula pa chozungulira cha m'kati; n'timene timathetheka moto mukasuzumira m'mazenera a dirilo. Brushless ilibe timeneti, magetsi amawagawa ndi kabodi kakang'ono kamakono. Imatentha pang'ono, batire limakhalitsa, ndipo chida chimakhala chachifupi. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yoyenera.

Koma tinene chilungamo. Makaboni akatha, mmisiri aliyense amasintha yekha ndi sikuludiraiva mphindi zochepa. Kabodi ka brushless kakapsa, nthawi zambiri kamasinthidwa konse pamodzi ndi switchi, ndipo mtengo wake umakuchititsani kuyang'ana chida chatsopano. Ngati muli kutali ndi okonza, chida cha makaboni sichinthu chochita nacho manyazi.

Pa ntchito yanga, ndi banja liti limene lingandiyenere?

Apa ndiye ndikunena maganizo anga, ndipo alipo amene andikane.

Kwa kalipentala, Makita ndi DeWalt. Makita inakulira m'matabwa, mapulena ndi masowo ake amayenda mosalala, ndipo zida zake zambiri ndi zopepuka. DeWalt imaoneka bwino pa ntchito yolemera ya madenga ndi pa masowo a pa tebulo. Kwa a zamagetsi, mapulambala ndi amakaniko, Milwaukee inachita dala kuwatsata: mzere wake wa zida za 12V, wotchedwa M12, uli ndi tizida tating'ono tolowa m'malo othina, zodulira mapaipi, maratcheti a batire, ndipo M18, ya 18V, ili ndi zomasulira manati zamphamvu kwabasi. Pa konkire, Bosch ndi Hilti. Bosch ndi amene anabweretsa kagwiridwe ka mabiti kotchedwa SDS mu 1975, kamene lero aliyense akugwiritsa ntchito, ndipo zoyezera zake za laser n'zodalirika. Hilti, ya ku Schaan m'kadziko ka Liechtenstein, imagulitsa mwachindunji kwa makontirakitala, ndipo ambiri amachita kulipira pamwezi pamodzi ndi kukonza komwe. Kwa munthu wogwira yekha imakhala yolemera m'thumba.

Festool ndi nkhani ina. Ndi ya amene amagwira ntchito m'nyumba zoti anthu akukhalamo kale, mmene utuchi ukagwa pa kapeti ndi mlandu. Sowo yake yoyenda pa njanji ndi chokokera fumbi zimagwirizana ngati mphuno ndi maso, koma kuipititsa pa sikafodi kumvula n'kuononga ndalama.

Ryobi ndi Einhell musazinyoze. Ryobi sinasinthe kalowedwe ka batire lake la ONE+ kuyambira 1996, chinthu chimene makampani akuluakulu sangadzitame nacho. Pa chida chimene mumachigwira kamodzi pamwezi, n'zokwanira. Pa chida chokudyetsani, ayi.

Dirilo, impact driver ndi hamala ya SDS: kodi sizimagwira ntchito imodzi?

Dirilo imazungulira mosalekeza, ili ndi kamwa yotsegula mpaka 13mm, ndipo ili ndi kolala yochepetsera mphamvu kuti sikuluwu isamire. Impact driver imalandira mabiti a makona 6 okha, ndipo ikakumana ndi zolimba imamenya chozungulira, kuti ga-ga-ga, moti sikupotolani dzanja. Hamala ya SDS imamenya chopita kutsogolo ndi pisitoni, mphamvu yake amayeza m'majulo, ndipo ya msinkhu wamba imakhala ndi 2 kapena 3.

Dirilo yokhala ndi chizindikiro cha hamala imakwanitsa njerwa, koma pa konkire yeniyeni imangolira, biti kufiira, inu thukuta kamukamu. Bowo limene ikuvutika nalo mphindi zingapo, SDS imalimaliza musanameze malovu. SDS-plus ili ndi tsinde la 10mm, SDS-max la 18mm, ndipo mabiti ake sasinthana.

Zida za nthambo zinatha ntchito?

Sizinathe. Gilayinda ya 230mm yodula zitsulo tsiku lonse, chophwanyira konkire, sanda yopalira kwa maola ambiri, zonsezi nthambo idakali mfumu, ndipo chida cha nthambo sichikumangani pa banja lililonse. Chenjezo ndi limodzi: onani mavolti. Za ku America ndi za 120V, za ku Ulaya ndi maiko ena ambiri ndi za 220 mpaka 240V, ndipo ku Britain pamalo omanga amagwiritsa ntchito za 110V zokhala ndi pulagi yachikasu. Tchaja ya 120V mukailowetsa pa 230V imangoti phu, basi yatha. Batire lenilenilo lilibe dziko, koma tchaja ili nalo.

Ndamva za maadaputa oti batire la kampani ina ligwire pa chida cha ina. Ndigule?

Alipo, ndipo amagwiradi. Vuto lake silioneka ndi maso. Batire ndi chida zimalankhulana pa timapini tating'ono tija: kutentha kwafika pati, moto watsala wochuluka bwanji, tiime kapena tipitirire. Makampani ena nzeru yozimitsa anaiika m'batire, ena m'chida. Mukaphatikiza batire lodalira chida ndi chida chodalira batire, palibe woimitsa mnzake, maselo amakamuka mpaka pansi, ndipo tchaja imalikana batirelo mpaka kalekale. Pa tochi kapena wailesi mukhoza kuchita mwayi mutamayang'anira. Pa sowo ndi gilayinda, ine sindingayerekeze. Ndipo musatchaje batire kudzera pa adaputa.

Njira yoongoka ndi ya makampani amene anagwirizana okha. Metabo inayambitsa CAS mu 2018, batire limodzi logwira pa zida za Mafell ndi makampani ena ambiri. Bosch yabuluu ili ndi AMPShare, mmene muli Fein ndi Rothenberger. Makita, DeWalt ndi Milwaukee aliyense adakali kudya yekha.

Kukhala ndi mabanja awiri si tchimo, amisiri ambiri ali choncho. Atatu, anayi, ndiye kwayamba kuja kwa ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: matchaja bokosi lonse, ndipo batire lodzaza nthawi zonse limakhala la chida chimene simukuchifuna.

Batire lachinyengo ndingalidziwe bwanji?

Linyamuleni. Maselo ofala, a 18650, amene dzina lake likungotanthauza 18mm m'mimba ndi 65mm m'litali, amalemera pafupifupi magalamu 45 limodzi. Khumi ndi magalamu 450 musanawerengere chikombole chake. Batire lolembedwa 5.0Ah koma lopepuka ngati chikho, m'kati muli mphepo. Onaninso nambala: maselo a msinkhu umenewu oyenera zida safika patali kupitirira 3.0Ah, ndiye batire la kukula kwa 5.0Ah lolembedwa 9.0Ah likunama poyera.

Ndinagulapo awiri otere kwa wogulitsa wina pa intaneti, ooneka bwino zedi, zilembo zonyezimira. Limodzi linatha sabata yachitatu, linalo linkatentha moti sindinkatha kuligwira likachoka pa sowo. Nditalitsegula ndinapeza maselo opanda dzina ndi timawaya towonda ngati ulusi. Chikomekome cha mkuyu. Chimene chinandiopsa si ndalama yotayikayo, koma kukumbukira kuti ndinkalisiya pa tchaja usiku m'chipinda chodzaza utuchi.

Tibwere ku mabokosi. Packout, ToughSystem, TSTAK, Systainer, L-BOXX: kusiyana kwake n'kotani?

Onsewa ndi mabokosi osanjikizana n'kulumana, kuti muwanyamule kapena kuwakoka ngati katundu mmodzi. Koma anabadwira ntchito ziwiri zosiyana.

Systainer ndiye woyamba, wa 1993, wopangidwa ndi Tanos, kampani yapachibale ndi Festool. Pansi pake ndi pafupifupi 400mm kwa 300mm, muyeso wochita kusankhidwa kuti mabokosi azikwana bwino pa maphaleti a ku Ulaya. Ndi lopepuka, la makona oongoka, losataya malo m'galimoto kapena pa shelefu. Makpac ya Makita ndi ya msinkhu womwewo ndipo imalumana ndi Systainer yakale ya zotsekera zinayi. L-BOXX, imene Bosch inapanga ndi Sortimo, kampani ya mashelefu a m'magalimoto, ndi yotakata pang'ono ndipo imalumana ndi kungoikhazika pamwamba pa inzake. TSTAK ya DeWalt nayo ili m'gulu lopepukali, ndipo imalumana ndi Pro-Stack ya Stanley ndi Versastack ya Craftsman, poti eni ake ndi amodzi. Onsewa ndi a ntchito ya m'nyumba. Mvula sagwirizana nayo, ndipo kugwa kuchokera pa makwerero sapirira kwenikweni.

Gulu lachiwiri ndi la kunja: ToughSystem ya DeWalt ndi Packout ya Milwaukee, imene inabwera mu 2017 n'kusokoneza msika wonse. Awa ndi a pulasitiki wokhuthala, mphira kuzungulira chivundikiro, matayala aakulu okwera masitepe ndi kudutsa m'matope. Packout inapambana chifukwa cha kuchuluka kwa zolumana nazo: mabokosi a theka, timabokosi ta masikuluwu, zikwama, madirowa, mbale zokhomera pakhoma ndi pansi pa galimoto. Mukhoza kukhalapo, kuimapo, kudulirapo thabwa.

Koma walira mvula walira matope. Bokosi la matayala la Packout limalemera makilogalamu oposa 10 musanaikemo ngakhale msomali, ndipo makoma okhuthala aja amadya malo a m'kati. Limalembedwa kuti linganyamule makilogalamu 113, zoona, koma silinena kuti adzalikweza m'galimoto ndani.

Kodi mitundu yosiyana imalumana?

Kawirikawiri ayi. Ngakhale ToughSystem ndi TSTAK, ana a bambo mmodzi, salumana popanda mbale yolumikizira. ToughSystem 2.0 imalumana ndi yoyamba ija.

Ndiye bokosi liyenera kukhala la kampani ya zida zanga?

Ayi, ndipo apa ndi pamene muli mfulu. Bokosi lilibe mapini, silifunsa kuti mwaikamo chiyani. Ndikudziwa amisiri ambiri a zida za Makita zogona m'mabokosi ofiira a Milwaukee, ndipo palibe chimene chinaphulika. Sankhani bokosi poyang'ana ulendo umene zida zanu zimayenda tsiku lililonse, kuchoka pamene zimagona kufika pamene mukugwira. Ngati ulendowo uli ndi matope ndi kumbuyo kwa galimoto kosafoleredwa, tengani lolimba. Ngati uli ndi masitepe a nyumba zosanja, makonde opapatiza ndi matailosi a eni ake, tengani lopepuka. Ngati mumayenda pa njinga yamoto kapena pa basi, iwalani nsanja yonse ya mabokosiyo, chikwama cha kumsana chokhala ndi pansi polimba chikuposa onsewa.

Yezaninso galimoto musanagule. Mnzanga wina anagula nsanja yathunthu, yokongola, n'kukapeza kuti bokosi la pansi ndi chogwirira chake silikulowa m'buti. Mpaka lero limakhala pa mpando wakumbuyo ngati bwana.

IP65 yolembedwa pa bokosi ikutanthauza kuti madzi salowa?

Nambala yoyamba ndi ya fumbi, ndipo 6 ndiye pamapeto, fumbi sililowa. Yachiwiri ndi ya madzi: 5 ndi madzi opopera, monga mvula yamphamvu kapena paipi yotsukira. Kumiza m'madzi kumayambira pa 7. Ndiye bokosi la IP65 lisiyeni pamvula, koma lisagwere mumtsinje.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti mphira wotsekereza madzi kunja amatsekerezanso chinyontho m'kati. Ikani sowo yonyowa Lachisanu madzulo, tsekani, Lolemba mukapeza dzimbiri pa tchizulo chilichonse. Pukutani zida musanaike, ndipo mukafika kunyumba tsegulani chivundikiro kuti mupite mphepo.

Madirowa kapena chivundikiro?

Funso ili ndi limene limasiyanitsa amene wagwiritsapo ntchito nsanja ndi amene wangoiona pa chithunzi. Chinthu chimene mukuchifuna chimakhala m'bokosi la pansi nthawi zonse, kaya chifukwa chiyani. Mumatsitsa atatu, kutenga biti imodzi, kubwezera atatu, ndipo pakutha pa tsiku mwanyamula katundu yense kakhumi. Madirowa amathetsa zimenezi chifukwa amatseguka nsanja ili chiimire. Ndi olemera, okwera mtengo, ndipo satseka madzi ngati chivundikiro, komabe ine nditayambiranso ndikanagula madirowa poyamba.

Kasanjidwe kanga ndi aka. Pansi, m'bokosi la matayala, mumakhala zolemera zimene zimatuluka kamodzi m'mawa: sowo, hamala, nthambo. Pakati madirowa a zida za m'manja ndi mabiti. Pamwamba kabokosi koonekera m'kati ka masikuluwu, ndi chikwama chotsegula cha dirilo, impact driver, tepi ndi pensulo, chimene ndimachotsa n'kulowa nacho m'chipinda. Ndipo ndimalongedza potsata ntchito osati mtundu wa chida: bokosi la zitseko lili ndi zonse za zitseko, mahinjesi, tchizulo, mabiti ake, ngakhale zitatanthauza kugula sikuludiraiva yachiwiri.

Bokosi limodzi lisapitirire zimene mungakweze nokha mutatopa. Malangizo a zachitetezo a ku Britain amaika makilogalamu 25 kwa mwamuna, ndipo amenewo ndi a katundu wogwiridwa pafupi ndi thupi, cha m'chiuno. Wonyamula kuchokera pansi kapena kukweza pamwamba pa mapewa, nambalayo imatsika kwambiri. Msana ulibe sipeya.

Mabatire ndiziwasunga bwanji m'bokosimo?

Mdani wamkulu ndi kutentha. Bokosi lakuda lotsekedwa, m'galimoto yoima padzuwa, ndi uvuni, ndipo batire lodzaza limakalamba msanga m'menemo. Lochoka kumene pa sowo lisiyeni lizizire musanatchaje; matchaja ena, monga ofulumira a Makita, ali ndi fani yake pa chifukwa chomwechi. Kozizira kufika pansi pa 0°C musatchaje. Ngati likhala miyezi osagwira ntchito, lisungeni lili ndi moto wa theka, osati lodzaza kapena louma.

Musaliponye limodzi ndi misomali ndi masikuluwu omwazika, chifukwa kachitsulo kamodzi kokhudza mapini awiri n'kokwanira kuyatsa moto. Lotupa, losweka kapena lonunkha lichotseni m'nyumba. Pa ndege, mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja osati m'katundu wa pansi. Mpaka 100Wh amaloledwa, kuyambira pamenepo kufika 160Wh mpaka kampani ya ndege ivomere. La 5.0Ah lija, la 90Wh, limadutsa.

Nanga akuba?

Nsanja ya matayala imathandiza wakuba monga imathandizira inu: zonse zili pamodzi, zolumana bwino, n'chogwirira chomwe. Loko pa bokosi la pulasitiki amaletsa wongotola, osati wobwera ndi cholinga. Mangani nsanjayo ndi tcheni ku chinthu chosasuntha, lembani manambala a zida zonse ndi kuzijambula pa foni, ndipo dindani dzina lanu penapake pobisika, monga m'kati molowa batire. One-Key ya Milwaukee ndi Tool Connect ya DeWalt, mapulogalamu a pa foni olondolera zida, zimathandiza, koma zimayendera Bluetooth, ndiye chida chimaoneka pokhapokha foni yokhala ndi pulogalamuyo ikadutsa pafupi. Ine zida zanga ndinazipaka utoto wonyansa dala. Sizikongola, koma wogula zakuba sazifunanso.

Zogwiritsidwapo kale ntchito ndingagule?

Chida inde, batire ayi, pokhapokha mwaliyesa pa ntchito yolemera. Pa chida, nunkhizani m'mazenera a mota. Fungo la kupsa silibisika. Ikani biti yaitali muone ngati ikuvina, gwedezani kamwa, yesani magiya onse ndi kubwerera m'mbuyo. Nambala ikakhala yofufutidwa, bwezani chidacho ndi kuchokapo. Pa zatsopano, makampani angapo amawonjezera chitsimikizo kufika zaka 3 mukalembetsa pa intaneti m'masabata oyambirira, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Chida choitanitsa kunja nthawi zambiri okonza a m'dziko lanu sachilandira pa chitsimikizo.

Ndangoyamba kumene ndipo ndalama ndi zochepa. Ndiyambe ndi chiyani?

Musatengeke ndi mpukutu wa zida 8 kapena 10 m'chikwama chimodzi. M'menemo amaikamo zida za pansi pa mzere, mabatire aang'ono, ndi tochi ndi wailesi zongochulukitsa nambala. Gulani dirilo ndi impact driver za brushless, mabatire awiri enieni, limodzi laling'ono limodzi la 5.0Ah, ndi tchaja. Sowo ndi gilayinda ziyambe za nthambo. Ndalama yotsala ipite ku mabiti ndi mipeni ya sowo yabwino, chifukwa mpeni wakuthwa pa sowo wamba umadula bwino kuposa wobuntha pa sowo yokwera mtengo, komanso ku magalasi a maso, zotseka m'makutu ndi chotchinga mphuno pa fumbi la konkire.

Za mabokosi dikirani miyezi itatu. Yambani ndi chikwama chimodzi, ndipo Loweruka lililonse muzikhuthula zonse pansi: zimene mwazigwira sabata imeneyo mbali ino, zimene zangoyenda nawo ulendo mbali iyo. Mulu woyambawo ndi umene mudzapite nawo kukayeza bokosi.